Mathero a kanema wa mkulu wa mpingo

Kukangocha, mkulu wa mpingo wathu kuno kwa Mkhumba amapukuta sola yawo n'kuilozetsa kudzuwa. Magetsi akewo ndi a kanema mmodzi basi, wakalekale wopanda mawu, wa mnyamata wa pahatchi wopulumutsa mtsikana kwa achifwamba. Kaseti yake anaigula yoduka kale kumapeto, choncho mathero mkuluyo amachita kuwafotokozera okha achinyamata: "Kenaka anatuma ankhoswe, ukwati n'kudalitsidwa kutchalitchi. Achinyamata inu, mwamva?"

Chaka chatha mdzukulu wawo anawatumizira dividi ya kanema yemweyo, yathunthu, pamodzi ndi makina ake. Mwachimwemwe mkuluyo anaitana abusa ndi amayi a Mvano. Pamalo pamene kaseti inkadukira, kanema anapitirira. Mnyamata uja anapsompsona mtsikana osafuna kuleka, n'kuthawa naye, makolo akulira pakhomo.

"Ankhoswe aja afika nthawi yanji, abambo?" anafunsa mayi wina.

Mkuluyo anangoti zyoli. Zaka zonsezi akhala akulangiza ana a eni ndi nkhani yoba mkazi! Alendo akutuluka, ananong'oneza abusa: "Mundilole Lamulungu ndiime ndipepese mpingo."

Abusa mpaka lero sanayankhe, ndipo mkuluyo amakhala benchi lakumbuyo, akudikira.