Tsiku limene ndinagonjetsa a sibweni patebulo

Loweruka lapitali ndinasewera tenisi ya patebulo ndi a sibweni anga, amene anzathu a pakati ndi kumwera mumati amalume. Sanali masewero ongotayitsa nthawi. Kalabu yathu inagwirizana kuti wopambana ndiye akatiimire pa mpikisano ku Mzuzu, ndipo otsala kumapeto tinali awiri, iwo ndi ine.

Ine kwathu ndi ku Mwazisi. Nditalemba mayeso a folomu folo, a sibweni ananditenga kudzakhala nawo pa boma la Rumphi, komwe amagwira ntchito pachipatala. Ndimagona m'nyumba mwawo ndipo ndimadya chawo. Tebulo la masewerowa ndinaliona koyamba mu holo ya tchalitchi, wondionetsa ali iwo omwe. Chaka chilichonse wopita ku Mzuzu amakhala iwo, ndipo palibe amene ankadabwa nazo.

Kaseweredwe kawo n'kosavuta kukafotokoza. Amaima patali ndi tebulo n'kumadula kampira kunsi ngati akusenda chinangwa. Kamabwera pang'onopang'ono, kooneka kofatsa, koma kakuzungulira chammbuyo. Ukangokakankha modekha ndi bati, kamatsetsereka n'kugwera mu neti. Kwa miyezi yambiri ndinkachita zomwezo. Kampira mu neti, ine n'kukatola, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Amene anatopa nazo ndi a madamu Kachingwe, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene timasewera nawo.

"Iwe Vitumbiko," anatero tsiku lina, "kodi ukulandira mgonero kapena ukusewera mpira? Pinda mawondo. Tsitsa batiyo ifike pabondo. Kakafika usakamenye pamphumi, kakhule pamwamba chokweza, ndipo thupi lonse lidzuke nako."

Kupinda mawondo sikunandivute. Mwana wa kumudzi aliyense amadziwa kunyonyomala, tinayamba tisanadziwe n'kuwerenga komwe. Chinandivuta ndi kudzuka. Ndinkatsika bwinobwino, koma pokwera mkono unkachita manyazi, n'kuima panjira.

"Dzuka! Ukupepesa ndani?" ankakuwa a madamu, anyamata n'kumaseka.

Pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera. Kampira ukakakhula choncho kamayamba kuzungulira chakutsogolo. Kamakwera, kulumpha neti, n'kugwa msanga patebulo, kenako kamathamanga ngati kakumbukira kwawo. Chachikulu n'chakuti sungachite mokayika. Ukakhula ndi mtima theka, kamagwera mu neti momwe muja.

Ndiye Loweruka lija ndinatsika n'kumadzuka. A sibweni anadula, ine ndinakweza. Anadula kwambiri, ndinatsika kwambiri. Poyamba ankaseka n'kumati, "Ehe, muphwa, mwana wa mlongo wanga, wakula chomene!" Kenako anasiya kuseka. Thukuta linanyowetsa malaya awo, ndipo kampira komaliza kanawadutsa kudzanja lamanzere asanasunthe phazi.

A madamu okha ndiwo anaomba m'manja.

A wapampando wa kalabu, mkulu wa mpingo wofatsa bwino, anatsokomola n'kundimwetulira.

"Mnyamatayu wachita bwino chomene. Koma ku Mzuzu n'kwa anthu ozolowera. Apite kaye a sibweni ake, iye adzapita chaka chamawa. Si choncho, mwana wanga?"

Owerenga anzanga, kodi mawu otere simunawamvepo? "Tiona." "Nthawi yako idzakwana." "Udakali mwana." Sabwera mokalipa ayi. Amabwera pang'onopang'ono, ofatsa, ndi kumwetulira, koma akuzungulira chammbuyo. Ukangowalandira mwaulemu, nkhani yako yagwera pansi, ndipo wotola ndiwe wemwe.

Makolo athu anavota kuti m'dziko muno aliyense azitha kuyankhula. Koma pitani pa msonkhano wa chitukuko m'mudzi, kapena wa achinyamata kutchalitchi. Onani amene akhala pamipando ndi amene akhala pansi kumbuyo. Mtsikana amene wakhala akuyendetsa kwaya amauzidwa kuti wapampando akhale wina, iye "azithandizira". Mnyamata amene anakumba nawo chitsime amamva mawa lake kuti komiti yasankhidwa kale. Onsewa amati "yewo", zikomo wa kwathu kuno, n'kukadandaulira kunjira.

Tinaphunzitsidwa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Sukana pamaso, umangopeza njira yozemba. Mwambiwu ndimaulemekeza, ndipo wasunga mtendere m'mabanja ambiri. Koma tsiku lija panalibe poviika. Ndikanavomera, kapena ndikanakana anthu onse akumva.

Kunena zoona, pakamwa panga panali patayamba kale kunena "yewo". Ndinayang'ana pansi. Kenako ndinamva mawu anga omwe akutuluka.

"Pepani a wapampando. Munanena kuti wopambana ndiye apite. Wapambana ndine."

A wapampando anayang'ana a sibweni. A sibweni anapukuta bati yawo pa thalauza, n'kuilowetsa m'kachikwama kake.

"Mwamumva," anatero. "Apite iyeyo."

Anatuluka osandidikira. Ndinawatsatira chapatali mpaka kunyumba.

Ndikanakonda kukuuzani kuti titafika anandigwira chanza n'kunena kuti anyadira. Sizinatero. Mpaka lero sanandiyankhule. Akafuna kanthu amauza akazi awo ine ndili pomwepo: "Muwauze akuluakulu a ku Mzuzuwo kuti madzi osamba atha." Amayiwo amabisa kuseka ndi chitenje, ine n'kutenga ndowa. Kwathu ku Mwazisi uthenga wafika kale, ndipo mayi anga atumiza mawu ofunsa ngati ndaiwala amene akundisunga.

Sindinaiwale. A sibweni si munthu woipa, ndipo kugonjetsedwa ndi mwana wa mlongo wako anthu akuona kumawawa. Zimenezo ndikuzimvetsa. Ndikhoza kuwapepesa chifukwa cha manyazi amene anachita. Koma ndikamayesa kukonza mawu opepesera, ndimakakamira pa funso limodzi: ndinene kuti ndinalakwa chiyani? Kusewera monga ndinaphunzitsidwira, kapena kukumbutsa akulu mawu awo omwe?

Lachisanu ndikwera minibasi ya ku Mzuzu. Kumeneko mwina ndikagonja masewero oyamba omwe, chifukwa aliko odziwa kuposa ine. Ndikabwerako sindikudziwa ngati malo anga m'nyumba muja adzakhale momwe analili.

Ndiye ndifunse mwaulemu, inu akuluakulu amene mumawerenga tsamba lino. Mukamatiitana patebulo n'kutipatsa bati m'manja, mumafuna kuti tidziwe kusewera, kapena mumangofuna wokutolerani kampira?