Pamene Macheka Ankaima

Ndikakumbukira a Yotamu, amene nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yathu ku Lisasadzi, ndimamva fungo la utuchi wa mbawa, fungo lowawirira lomwe linalowerera m'jekete lawo mwakuti ngakhale utsi wa fodya wa chingambwe amene ankasuta sunkalithetsa. Anali wocheka matabwa, monganso bambo awo. Pamene ine ndinkawadziwa, maso awo anali atayera, osaonanso. Ankati utuchi ndiwo unawadya, poti moyo wawo wonse anali wapansi. Pocheka chipika pamakhala anthu awiri, wina pamwamba, wina m'dzenje. Wapamwamba amapitidwa mphepo, ndipo odutsa amamupatsa moni. Wapansi amakoka macheka utuchi ukumugwera kumaso.

Cha kumtsinje kunali malo amene tinkawatchula kuti pa Macheka. Kale, chigwa chino chisanasanduke minda ya fodya yokhayokha, panali mudzi wa anthu ocheka matabwa, sitolo, ndi nyumba ya mzungu amene ankagula matabwawo. Ine ndili mwana inali itatsala nyumbayo basi, ya khonde lozungulira ndi zitseko zolemera zofuna phewa potsegula. Munkagona mbuzi ndi mileme, koma chiswe chinali chitalephera.

Ndili sitandade faifi, malowo anagulidwa ndi mwini esiteti wina, ndipo tinamva kuti nyumba igwetsedwa, mitengo yake akamangire chigafa choyanikamo fodya. Masana a tsiku lomwelo a Yotamu anandiitana ndikusinja.

"Iwe mkazanga, uli ndi kope?" Ankanditchula choncho monga amachitira agogo ocheza ndi adzukulu.

"Ndili nalo agogo, koma ndi la masamu."

"Masamu sathawa. Tenga, utolenso makala pa mafuwa apo. Unditsogolere."

Ndinagwira nsonga ya ndodo yawo, iwo pambuyo, mpaka tinalowa m'nyumba muja. Anayamba kusisita matabwa a pansi ndi nsanamira za pakhonde, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ine ndinkangoona mizeremizere ya mano a macheka, koma iwo ankaitana anthu maina. "Ili ndi la a Sandifolo ndi mlamu wawo, alesi aja, taona kukhota." Anaseka. "Ili la a Zuze, ankacheka ngati akuthamangitsidwa ndi njati."

Atafika pa chitseko cha kuchipinda anaima. Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pathabwa. Mizere inali yaing'ono, yofanana, kenaka kamzere kamodzi kozama, kenakanso yaing'ono.

"Bambo anga awa," anatero. "Akakoka pang'ono ankaima kuti apukute m'maso, macheka akayambanso ankaluma mozama. Apa anaima. Apanso anaima. Ika pepala lako pamenepa, ukhutize khala."

Ndinang'amba tsamba, ndinakhutiza, ndipo mizere ija inatuluka papepala yoyera pakati pa mdima wa khala.

"Zaoneka?"

"Zaoneka agogo."

"Usandinamize, ine sindingaone."

"Zaonekadi. Apa anaima."

Tinakhutizanso pa matabwa ena, ndipo anandiuza kuti m'munsi mwa tsamba lililonse ndilembe dzina la wapamwamba ndi la wapansi, koma la wapansi liyambe. Tili mkati, anatulukira kapitawo wa paesiteti ndi anyamata ake atanyamula zitsulo zokanulira malata.

"Madala, mukulembera kalata chiswe?"

"Chiswe chinaigonjera nyumba iyi, mwana wanga. Ndamva kuti mwabwera kudzachithandiza."

Anyamata aja anaseka, kapitawo sanaseke. A Yotamu anavula chipewa, munthu wamkulu ngati iwo, napempha kuti awasiyire chitseko chimodzi chokhacho. Kapitawo anati abwana anena kale kuti chikhala tebulo losankhirapo fodya. Mpaka lero ndikakumbukira chipewa chija chili m'manja, mtima umandiwawa. Sabata isanathe panatsala maziko okha.

Kusukulu ndinakwapulidwa chifukwa cha kope long'ambika, kunyumba amayi anawonjezera. A Yotamu atamva anandipatsa mtedza wodzaza chipewa chomwe chija. "Wapansi amadya utuchi," anatero. "Walowa ntchito."

Masambawo alipo asanu ndi awiri. Ndinawasunga m'sutikesi ya chitsulo momwe muli makadi a sikelo a ana anga onse, kalata yanga yoyambira uphunzitsi ndi ya kupuma. Anthu amandiseka kuti sinditaya pepala, ndipo n'zoona. Chigafa chija chinagwa kalekale, tebulo lija palibe akudziwa kumene linathera, ndipo mbawa ya msinkhu umenewo simungaipezenso m'mbali mwa mtsinje wonsewu.

Chaka chatha anthu ena okonda mbiri yakale anazika chikwangwani pamaziko paja. Analembapo dzina la mzungu uja, kuti ndiye anamanga nyumbayo. Anamanga ndi manja ati? Ndawalembera makalata atatu, iliyonse ndinasunga inzake, ndipo ndinaikamo maina onse khumi ndi anayi monga anandiuzira a Yotamu, wapansi poyamba. Sanandiyankhe. Ndilemba yachinayi.

Chimene chikundifulumiza n'chakuti maso anga nawonso ayamba kuchita nkhungu, ndipo pepala silili ngati thabwa, chala sichingaliwerenge. Mwezi wathawu ndinatulutsa tsamba la chitseko chija n'kumupatsa mdzukulu wanga Tadala, osamufotokozera kanthu.

"Zikuoneka?"

Analiyang'ana nthawi yaitali, akulitembenuza cha kuwindo.

"Ndi mizere chabe, agogo. Koma apa pali ngati wina anaima."

Ndinamuuza kuti akhale pansi, atenge cholembera.