Chida changa chinathyoka, alamu anati ndi chigololo

Alamu anga a Muhiwa, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndi amene anandiwonongera umuna wanga ndi mbiri yanga, ndipo sindibisa. Nanenso ndinapusa powamvera, n'chifukwa chake ndikukuuzani inu owerenga ngakhale zili zochititsa manyazi.

Ine ndimapikula matemba ku Chilwa n'kumagulitsa pa njinga, ndipo ndili pa chikamwini ku Jenala. Nthawi imeneyo ndinali nditatha milungu itatu kunyanja. Nditabwerako, m'mawa ana atapita kusukulu, tinalowa m'nyumba ndi mkazi wanga monga banja. Zili mkati ndinaphonya, ndinangomva kuti thyo! ngati phesi la chimanga. Chida chinagwa pomwepo, n'kutupa, kuda bii, kupindikira kumbali. Ululu wake musafunse.

Mkazi wanga anathamangira kwa achimwene akewo kuti atipezere njinga yamoto. Iwo atangosuzumira anati, "Alamu, izi si za chipatala. Mwagona ndi mkazi wotcheredwa mankhwala ndi mwamuna wake kunyanjako, zakuphulikirani kunyumba. Ululani msanga mungafe!"

Ndiulule chiyani ine? Koma ndinali pamudzi pa eni, mawu ndinalibe. Anaitana ankhoswe, nkhani inafika mpaka kutchalitchi. Anabweretsa sing'anga amene ananditema mphini m'chinena n'kumanga ndi nsanza. Masiku asanu ndi anayi ndili gone, kukodza ndikulira. Mkazi wanga anasamukira kuchipinda kwa ana, phala amangondiikira pakhomo.

Anandipulumutsa ndi mnzanga wa geni amene anabwera kudzandizonda. Anandinyamula mwamakani kupita kuchipatala, ndipo kumeneko ananditumiza ku Blantyre. Adokotala anapaka mafuta ozizira n'kuyendetsa sikani ija amaunikira amayi oyembekezera. Anati chida chilibe fupa, koma mkati muli chikopa cholimba chimene chimang'ambika chikapindidwa chili chodzuka. Magazi oundana ankatchinga, sanaone bwino. Ndiye anandilowetsa m'makina ena otchedwa MRI, ngati mgolo wogoneka, aphokoso ngati chigayo. Ndinachita mantha, koma sanapweteke. Chithunzi chake chinaonetsa pong'ambika penipeni. Adokotala anaitana mkazi wanga n'kumulozera ndi cholembera kuti, "Mayi, iyi ndi ngozi. Imachitika ngakhale kwa abusa ali ndi akazi awo." Analira mkazi wanga mpaka kukhala pansi.

Anandisoka, koma anati ndinachedwa. Ndikanafika tsiku lomwelo kapena mawa lake, mwina ndikanachira bwinobwino. Pano chinakhota, chimadzuka mwa apo ndi apo, ndipo chimawawa. Mkazi wanga anabwerera kuchipinda ndipo amandipirira, Mulungu amudalitse.

Abambo anzanga, mukamva kulira koteroko n'kutupa, musadikire ankhoswe kapena sing'anga. Kwerani chilichonse mupite akakuunikeni tsiku lomwelo, manyazi muwasiye pakhomo.

Koma kumudzi anthu amandilozabe. Amayi ena safuna kugula matemba anga, akuti ndi a wachigololo. A Muhiwa ndikakumana nawo amangoti, "Zinatha zija alamu, tiiwale." Sizinathe! Inu a Muhiwa, ngakhale mutabweretsa mbuzi yopepesera sindikuifuna. Muitane ankhoswe omwe aja, muimenso kutchalitchi Lamulungu anthu atadzaza, munene ndi pakamwa panu kuti munandinamizira. Mukapanda kutero musadzapondenso pakhomo panga, ngakhale pa maliro anga.