Kabawuti Kapambali

Ntchito yotchetcha udzu ku Joni anandipezera ndi malume. Chipinda chomwe ndinkagona ku Troyeville chinalinso chawo. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wina asadzati ndine wosayamika.

Bwana wathu anali mzungu wa makontrakiti otchetcha mabwalo a masukulu. Anali ndi thirakitala imodzi yokoka silasha, chimbale chachitsulo chija chokhala ndi mipeni kunsi. Woyendetsa ndinali ine, poti ndinaphunzira ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Koma makaniko anali malume. Chifukwa? Anagwirapo ku mgodi. Kumgodiko ankangokankha ngolo za miyala, koma mukanawamva akufotokoza mukanayesa kuti makina onse a pansi pa nthaka anawapanga ndi iwo.

Loweruka lina bwana anatisiyira chigubu cha oyilo wolimba uja wa giyabokosi. "Madala, shintsha lo oyil," anawauza malume, kutanthauza kuti asinthe oyilo, n'kukwera baki yake, kagalimoto kapamtunda kaja. Lolemba tinali ndi bwalo lalikulu ku Mayfair.

Giyabokosi ya silasha si chinthu chozunguza mutu. Ili ndi mabowo atatu otseka ndi mabawuti: la pansi lokhetsera oyilo wakale, la pamwamba lothirira, ndi kabowo kakang'ono pambali. Umamasula kabawuti kapambaliko, n'kumathira pamwamba pang'onopang'ono. Oyilo akangoyamba kudontha pa kabowoko, basi wakwana. Ukapitiriza, makina akatentha oyilo amasowa kolowera, amaphulitsa labala wotseka kunsi, n'kutha yense osaona.

Kukhetsa tinakhetsa bwinobwino, wakaleyo anatuluka wakuda bii. Ndinamasula kabawuti kapambali, malume n'kuyamba kuthira. Oyilo atangodontha pambali, anakuwa.

"Iwe! Ukutayitsa oyilo wa mzungu! Tseka apo!"

"Malume, mwina wakwana."

"Wakwana? Maso akowo akuona kuti wadzadza? Ine ndinayamba kugwira sipanala iwe uli kumsana kwa amako. Tseka."

Ndinatseka. Inde, ndi manja angawa, ndikudziwa chomwe chikubwera. Iwo anathira mpaka pakhosi, ngati akudzaza botolo la thobwa, n'kupukuta m'manja monyadira. Kwathu anatiphunzitsa kuti galu wamkota sakandira pachabe. Anaiwala kutiuza kuti agalu ena amakanda chifukwa cha utitiri.

Lolemba ku Mayfair ntchito inayamba bwino. Pofika masana ndinamva fungo la chinthu chopserera, kenako zitsulo zikukukutana. Ndisanazimitse n'komwe, mipeni inaima. Nditatsika ndinaona mzere wa oyilo pa udzu, wazungulira bwalo lonse m'mene ndinadutsa. Giyabokosi inali youma, yotentha yosagwirika.

Bwana anafika nkhope ili psuu. "Who did this?"

Malume anavula chipewa, n'kumuyankha m'Chifanakalo chawo cha kumgodi chija kuti ndi mfanayu, wagunda mwala. Mfana! Ine bambo wa ana awiri! Ndipo bwalolo linali la mpira, lopanda mwala ngakhale wogendera mbalame.

Bwana anatembenukira kwa ine. Mawu anali pakamwa, ndikanangoloza kabawutiko nkhani ikanatha, ntchito yanga n'kupulumuka. Koma ndinaona imvi zija. Munthu wa msinkhu umenewo akachotsedwa ku Joni angamulembe ndani? Nanga amayi kumudzi akamva kuti ndachotsetsa ntchito mlongo wawo, amene anandilandira nditangotsika basi? Ndinazolika. Ulemu umenewo! Malume anandikwiyitsa, koma amene anandinyansa kwambiri tsiku limenelo ndi ine mwini. Bwana anandichotsa pompo, ndipo kiyi wa thirakitala anamupereka kwa Mzulu wina wa pa gulu lathu.

Lamlungu ku tchalitchi chathu, m'holo ya ku Berea, ndinawamva malume akuuza azibambo anzawo kuti ana a masiku ano makina sawadziwa, amangodziwa kutokosa foni. Madodawo anavomereza onse, aliyense ali ndi mgodi wake m'mutu. Ine ndinali pomwepo, ndikusanja mipando.

Patatha milungu iwiri ndinkachokera kosaka maganyu, aja amati mapisijobu, chimanjamanja, fumbi mpaka m'mawondo. Malume ndinawapeza atakhala pa sitepe ya nyumba. Anati bwana wagula giyabokosi ina, ndipo wokathira oyilo mawa lake ndi iwo. Anakhosomola, maso ali kumsewu.

"Kabawuti kapambali kaja, ntchito yake n'chiyani kwenikweni?"

Aa, mtima unandiuza kuti ndiwanamize, akadzazenso mpaka pakhosi, nthawi ino popanda mfana womunamizira mwala. Koma ndinakhala pa sitepe ya m'munsi, n'kuwafotokozera zonse, kuyambira bowo la pansi mpaka dontho loyamba la pambali. Monsemo ndinkawatchulabe "malume" mwaulemu.

Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu.

"Eya," anatero. "Ndimafuna ndione ngati ukudziwa."