Tsiku Limene Amayi Anamva "Kalye"

Ku Kawale konse masewera athu ankawatchula kuti kalate. Tinkawakonza anthu mpaka kutopa: si kalate, ndi taikwondo ya ku Koreya, ndipo inali italowa kumene m'mipikisano ya Olimpiki, akazi omwe akusewera nawo. Aphunzitsi athu ankatikumbutsa zimenezi m'holo ya tchalitchi momwe tinkaphunzirira, ngati kuti ndege yotitenga ikutidikira kale ku Lumbadzi.

Amayi anga, obadwira ku Machinga, za Olimpikizo analibe nazo ntchito. Chomwe ankadziwa n'chakuti mwana wawo wamkazi, wa kusekondale, akuvala buluku n'kumakweza mwendo kupitirira mutu pamaso pa anthu. Ndewu ankazidziwa bwino: za pampopi wa madzi, zong'ambirana mabulauzi, zosatha mpaka wina atatuluka magazi.

"Ndikaona ndekha," anatero atamva za mpikisano wa ku Area 25. "Ikakakhala ndewu, yunifolomu yako yoyerayo ndidzasokera mapilo."

Sankanena zocheza. Makina osokera anali nawo.

Tsikulo anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, nkhope ngati ali pamaliro. Wolimbana nane anali mtsikana wamtali wa ku Nsungwi. Tinaweramirana, n'kuyambapo. Anandipatsa mateche pachifuwa ndisanadziwe n'komwe kuti ndaima pati. Mtima unanditentha, ndinamulowerera, tinakolana. Woyimbira anadula pakati pathu ndi dzanja n'kukuwa mawu a Chikoreya otanthauza kuti lekanani: "Kalyo!" Tonse tinabwerera m'mbuyo nthawi yomweyo.

Kenako ndinamva kuseka. Amayi! M'makutu a munthu wokula ndi Chiyao, mawuwo ankamveka ngati "kalye", ndiko kuti kadye. Woyimbira akangokuwa, iwo ankagwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe, akumenya paphewa mayi wina wosamudziwa n'komwe.

"Akuti akadye! Ana akumenyana, bamboyu akuti kadyeni, iwo n'kumveradi!"

Posakhalitsa mzere wawo wonse unkayankhira woyimbirayo kuti "Kalye!"

Ndinagonja, kugonja kwenikweni. Koma wamtali uja anandikumbatira, n'kupita kukaweramira aphunzitsi anga, inenso n'kukaweramira ake, monga mwa mwambo wa masewerawa.

M'minibasi sindinayerekeze kufunsa kanthu. Ndinkaopa. Amayi mwa apo ndi apo ankangoseka okha. Titatsika padepoti anagula chimanga chootcha, n'kuthyola, n'kundipatsa mbali yaikulu.

"Ndewu yoti munthu angonena liwu limodzi anthu n'kulekana, ine sindinaionepo. Imeneyo si ndewu." Anatafuna pang'ono. "Koma iwenso, wamtali uja amayamba ndi mwendo wamanzere. Sumaona? Ulendo wina uzikayang'ana kumeneko."

Ulendo wina! Ndinalira ndi chimwemwe pakati pa depoti, makondakitala akundiyang'ana, chimanga chili m'kamwa.