Joaquim ndi ngolo za ku Ndake

Zinayamba mu 1996, nyengo yokolola. Chimanga chinachita bwino ku Ndake, koma boma linali litasiya kugula, ndipo aliyense wa lole ndi sikelo anasanduka wogula.

Joaquim anabwera kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo. Anzake atabwerera kwawo mu 1994, iye anatsala, pakuti anali atakwatira Dorika. Anali mkamwini: munda umene ankalima anamupatsa ndi mlamu wake Whiteson, mlongo wake wa Dorika, mwini ngolo ndi ng'ombe. Chake chenicheni chinali njinga ndi luso la nsolo. Kasewero kake kanali kowawitsa mtima. Ankatsogoza kamwala kamodzi, kooneka ngati kosokera, n'kumadya nako miyala ya mnzake isanaunjikane, mpaka mnzakeyo n'kusowa choyendetsa.

"Alamu, inu simusewela, mumana," ankatero Whiteson. "Kwanu ankadyela pamodzi anthu?"

"Munthu wa njala samenya nkhondo, alamu. Yendetsani."

Mawu amenewa anawamva aSakala, wogula chimanga wa ku boma la Petauke, tsiku lina atayima pamsika kuonerera nsolo. Anamuitanira pambali Joaquim. Anamuuza za mdani wawo pamalonda, aSimon a ku Nyimba, amene ankafuna chimanga chonse cha ku Ndake. Lole ya aSimon sikanawoloka mchenga wa pamtsinje. Inkayenera kuima pamsewu, chimanga n'kufikako pa ngolo.

"Ndiye musalimbane nawo pa chimanga," anatero Joaquim. "Atengeleni ngolo."

ASakala anaseka mpaka kutsokomola.

Lolemba pa 8 Julayi Joaquim anauyamba ulendo, belo ya salaula, zovala zovalidwa kale zimene anamupatsa aSakala, ili kumbuyo kwa njinga. Anapita mudzi ndi mudzi, kwa aliyense wa ngolo, kusiya jekete kapena thalauza ngati chikole chakuti ngoloyo idikire aSakala, amene adzabwere ndi lole kudzagula chimanga chonse. Kumeneko munthu akalandira chikole samanga ng'ombe zake pa goli la wina, ngakhale winayo agwade. Ambiri ankamukayikira mlendoyo. Anayamba kulandira atamuona Whiteson atavala jekete lofiira ku tchalitchi, akuuza anthu kuti mlamu wake sanama.

ASimon anafika nayo lole, naimika sikelo pansi pa mtengo pamsewu. Ngolo sinaoneke ndi imodzi yomwe. Amayi ochepa anasenza mabeseni, koma mabeseni sadzaza lole. Anadikira, anatukwana, anapita. Joaquim anaonerera fumbi la loleyo ali pa chulu, mtima uli mbee, ngati wapambana nsolo.

Anthu anatsitsa chimanga m'nkhokwe, anatonola, naunjika matumba pabwalo la sukulu kudikira aSakala. Ogasiti anatha. Seputembala anatha. Anankafumbwe analowa, ndipo ukayika khutu pa thumba unkamva akutafuna.

Pa 21 Okutobala Joaquim anapalasa mpaka ku Petauke. Anawapeza aSakala pakhomo pa shedi yodzaza mpaka kudenga ndi chimanga cha ku Msanzala.

"Bambo, anthu adikila. Lole ibwela liti?"

"Lole ya ciani? Ona wekha, ndiika kuti?"

"Koma munalonjeza."

"Ndinalonjeza ngolo kuti ziime, zinaima. Ine cimanga ca ku Ndake sindinacifune, ndinafuna kuti Simon asacipeze. Si ndiwe unandiphunzitsa? Pita, mailo m'mawa ndili ndi ulendo."

Joaquim anatembenuza njinga yake. Pobwerera anakankha njinga mtunda wautali ngakhale inalibe vuto.

Mvula yoyamba inagwa pa 14 Novembala, matumba akadali pabwalo. Anthu anathamanga kukasenza, koma chimanga cha pansi chinali chitanyowa, ndipo posakhalitsa chinamera ndi kununkha. Chaka chimenecho ku Ndake ambiri anabzala opanda fetereza, ndipo ana ena anasiya sukulu.

Palibe anamumenya Joaquim, palibe anamutengera ku bwalo. Akafika pa nsolo, amuna ankatola miyala n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito. Ku tchalitchi benchi lake linkakhala ndi malo. Iye anayesa: anakalimira amayi amasiye awiri, anakapepesa khomo ndi khomo. Ankamuyankha mwaulemu kuti zamveka, osamupatsa mpando.

Whiteson anabwera Khirisimasi itapita, jekete lofiira lili m'manja. Analiyika pa mtondo.

"Alamu, anthu andiseka ine, osati inu. Inu ndinu mlendo. Munda uja abale aufuna."

"Nanga ana adya ciani?"

"Ana ndi athu. Sagona ndi njala."

Joaquim anayang'ana kwa Dorika. Dorika anali kusenda mtedza, ndipo sanadzutse mutu. Madzulo ake anamuuza mwamuna wake, akulira chamumtima, kuti sangasiye amayi ake okalamba n'kupita kudziko kumene sadziwa munthu.

Anadikirabe mwezi wonse wa Januwale, akupalira munda umene sunalinso wake, poganiza kuti mwina wina amuitana. Kenako anagulitsa njinga, napatsa Dorika zimene anapeza. Kwawo ku Mozambiki kunalibe m'bale amene ankadziwa ngati ali moyo. Anachoka ku Ndake wapansi, kulowera kumalire, Lolemba pa 3 Febuluwale 1997.