Mzere wa Nthawi Umene Ndinakana Kufufuta

Ntchito yanga pa kafukufuku wa zaumoyo ku Chiradzulu inali yotopetsa maso. Tinkaveka achikulire timakina ta pa lamba m'chiuno, tating'ono ngati bokosi la machesi, tolemba kugwedezeka kulikonse kwa thupi. Pakatha sabata ndinkatsitsa zonsezo pa kompyuta n'kuzilowetsa m'pulogalamu yathu ya ziwerengero.

Pulogalamuyo inali ndi khalidwe loipa. Ikangoona nthawi, inkaisandutsa chinambala chachitali cha masekondi, chosadziwika mutu wake. Anzanga ankangofufuta mzere wonsewo kuti fayilo ipepuke. Ine ayi. Ndinkausunga pambali pa kugwedezeka kulikonse, n'kuubwezeretsa kukhala tsiku ndi ola, kenako n'kuwonjezera maola awiri chifukwa timakinato tinkayendera wotchi yakunja. Ankandiseka kuti ndimadzivutitsa ndekha. Ndinkangowaleka.

Tsiku lina abwana athu, mayi wa m'tauni wosachedwa kugamula nkhani, anandiitana. Pa kompyuta yawo panali zotsatira za bambo ena achikulire a ku Kadewere, ovutika ndi bondo. Thupi lawo linkakhala phee, kenako mwadzidzidzi pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba, mofanana ndendende.

"Munthu wa bondo sangachite izi," anatero abwana. "Lambayu anabwereketsa wina. Tiwachotse."

Kuwachotsa kunkatanthauza kuti adokotala a kafukufuku asiya kuwaona bondo lija, ndipo pa dzina lawo palembedwa kuti ananama. Mtima unandipsa. Bambowo ndinawaveka lambayo ndine, ndipo sanali munthu wa zachinyengo.

Ndinatsegula fayilo yanga, yokhala ndi nthawi ija. Kugwedezekako kunkabwera kasanu pa tsiku: mbandakucha, dzuwa litangopendeka, chakumadzulo, dzuwa litalowa, ndiye kutangoda. Ine ndine Mkatolika, koma ndinakulira pafupi ndi mzikiti. Maola amenewo ndimawadziwa osayang'ana wotchi.

"Abwana, bambowa sakunama. Akuswali."

Anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anati, "Mukutsimikiza?"

"Zana pa zana. Pa fayilo yanu simungaone chifukwa nthawi munafufuta."

Mawu omalizawo sanafunikire, koma sindinong'oneza bondo.

Sabata yotsatira ndinapita kwa bambowo kukasintha kamakina, nditanyamula pepala la zotsatira zawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Nditawalongosolera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kanthu aka kamandionerera ndikamaswali, mwanangu?"

"Eetu bambo. Onani, Lolemba kasanu, Lachiwiri kasanu. Koma Lachinayi pali kawiri kokha, m'mawa ndi masana. Munavula lamba kapena?"

Kuseka kunathera pomwepo. Anaika lichero pansi n'kugwira bondo lawo.

"Sindinavule ayi. Tsiku limenelo chakumadzulo bondo linakana kupinda. Ndinaswali chokhala pampando." Anapumira m'mwamba. "Chibadwire sindinachitepo zimenezo."

"Nanga adokotala munawauza?"

"Ndinawauza kuti ndili bwino. Ndimachita manyazi."

Chisoni chinandigwira. Ndinatenga bolopeni, ndinazunguliza Lachinayilo papepala, n'kulemba pambali pake maola atatu osowawo.

"Mawa tipitira limodzi kuchipatala ku Boma," ndinatero. "Inu musakalankhule kanthu ngati simukufuna. Ndikangowaonetsa pepalali."

Anagwedeza mutu movomera, n'kutambasula manja kuti ndiwamange lamba watsopano.